Makatuni amene tinakulira: kodi ana athu aonere?

Funso

Ndine mayi wa ana awiri, mtsikana wa zaka 8 ndi mnyamata wa zaka 4. Ine ndinakula ndikuonera Tom and Jerry ndi Scooby-Doo kunyumba kwa aneba athu ku Zomba, moti mpaka lero ndikamva kanyimbo koyambira kaja mtima umangoti myaa. Makatuni a masiku ano sandisangalatsa, phokoso lokhalokha. Mwezi wathawu ndinakaikitsa akale aja pa fulashi kuti ana anga alaweko. Anaseka mpaka kugubuduzika pansi. Koma patapita masiku atatu ndinapeza mnyamata wanga akuthamangitsa mphaka wathu ndi chiwaya, ndipo anam'menya nacho pamsana. Nditam'kalipira anati, "Safa ameneyu, Tom samafa." Bambo awo akuti ndifufute zonse. Ine ndikuti ife tinaonera zomwezi koma sitinapenge. Kodi makatuni akale ndi abwino kwa ana a lero kapena ayi?

Yankho

Mayi, fulashiyo musafufute, komanso musaisiye m'manja mwa ana kuti aziyatsa okha. Mtsikanayo akhoza kuonera zambiri mwa zimene zilimo. Mnyamatayo ayambe wadikira kaye pa Tom and Jerry, ndipo zonse zimene zili mmenemo muyambe mwaziona nokha usiku ana atagona. Ndagwira ntchito ndi ana a sukulu za mkombaphala kwa zaka zambiri, ndipo funso ngati lanuli ndimalimva kawirikawiri kwa makolo a msinkhu wanu. Makatuni amenewa nanenso ndimawakonda, ndiye musaganize kuti ndikulankhula ngati mdani wake.

Ndiyambe ndi mawu a mwana wanu, chifukwa wakuuzani ndendende chimene waphunzira. "Tom samafa." Sananame. Tom amapanikizidwa ndi chitseko n'kuphwatalala ngati pepala, bomba limam'phulikira m'manja, mano amayoyoka onse, koma kamphindi komweko ali bwinobwino, wayambanso liwiro. Munthu wamkulu amaseka chifukwa akudziwa kuti zimenezi sizingachitike, ndipo kukoma kwake kwagona pomwepo. Mwana wa zaka 4 amakhala asanafike pamenepo. Pa msinkhu umenewu zenizeni ndi zongoyerekeza zimasakanikirana m'mutu mwake, moti ngakhale imfa ana ambiri amaiona ngati tulo, kuti womwalira akhoza kudzukanso mawa. Kuzindikira kuti chakufa sichibwerera kumakhazikika pang'onopang'ono, kwa ana ambiri pakati pa zaka 5 ndi 7. Choncho mwana wanu sanamenye mphaka chifukwa cha mtima wankhanza. Amayesa ngati zimene anaona zimathekanso pakhomo panu, monga momwe amaphikira nsima ya dothi m'kachitini ataona inu mukuvundula ya pamoto.

Zoti ana ang'ono amatengera zimene aona pa kanema si mphekesera. Mu 1961 Albert Bandura, katswiri wa za maganizo a anthu pa yunivesite ya Stanford ku America, anaonetsa ana a mkombaphala munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa mpweya. Atawasiya okha ndi chidolecho, ambiri anachimenya mmene anaonera muja, ena mpaka kubwereza mawu amene wamkuluyo ankanena pomenya. Mu 1963 anachitanso zomwezo koma ana akuonera pa kanema, kuphatikizapo kanema wina wokonzedwa ngati katuni, ndipo kutengera kunalipo chimodzimodzi. Patsogolo pake anapezanso kuti ana akaona womenyayo akudzudzulidwa, sathamangira kuchita zimene aonazo. Apa ndiye pali vuto la Tom and Jerry kwa mwana wamng'ono: palibe amene amalira nthawi yaitali, palibe bala limene limakhalitsa, palibe wopepesa. Akatswiri ena anatsutsa Bandura kuti kumenya chidole n'kosiyana ndi kumenya munthu, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Ine sindingakuuzeni kuti katuni ya mphaka ndi khoswe imasandutsa mwana chigawenga. Inu munaonera ndipo simunapenge, ndi zoona. Koma kutengera kwa lero ndi mawa, kwa chiwaya ndi mphaka, kumeneko kulipo, ndipo mwakuona ndi maso anu.

Za mphakayo chitani izi. Tengani pepala, jambulani mphaka mwanayo akuona, kenako likwinyeni pepalalo m'manja n'kuliwongolanso. Muuzeni kuti uyu ndiye Tom, anachita kum'jambula, n'chifukwa chake samva kuwawa. Mukatero mutengereni pamene wagona mphaka wanu, mugwire dzanja lake n'kuliyendetsa pang'onopang'ono pamsana pa mphakayo, amve timafupa ndi mmene akupumira. Muuzeni kuti uyu ali ndi magazi ngati iwe, ukam'menya amamva ngati mmene unamvera utagwa pakhonde. Ndaona njira imeneyi ikugwira ntchito kuposa kukalipa, chifukwa mwana wa zaka 4 amamvetsa msanga chimene wachigwira ndi manja. Mudzayenera kubwereza kangapo.

Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti makatuni akale otchukawa sanapangidwire ana. Tom and Jerry anayambitsidwa mu 1940 ndi William Hanna ndi Joseph Barbera ku kampani ya MGM, ndipo ankaonetsedwa m'nyumba zoonetsera mafilimu, filimu yaikulu isanayambe, kwa anthu amene ambiri anali akuluakulu. Awiriwa anapanga makatuni 114 a mphaka ndi khoswe ameneyu pakati pa 1940 ndi 1958, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo anapata mphoto ya Oscar. Bugs Bunny wa kampani ya Warner Bros. anatulukanso chaka chomwecho cha 1940, mwa njira yomweyo. Pambuyo pake mawailesi a kanema atachuluka, anatenga makatuni aja n'kumawaika m'maola a ana, ndipo kuyambira pamenepo dziko lonse linangozolowera kuti chojambulidwa chilichonse ndi cha ana. The Flintstones, amene anayamba mu 1960, ankaulutsidwa madzulo nthawi ya akuluakulu, ndipo m'zaka zake ziwiri zoyambirira ankalipiridwa ndi kampani ya ndudu za Winston, moti Fred Flintstone ankaoneka akusuta m'zotsatsa malonda. Tom nayenso amasuta m'makatuni ena. Mu 2006 wailesi ya Boomerang ku Britain inavomera kudula zigawo zoterezi munthu wina atakadandaula ku Ofcom, bungwe loyang'anira mawailesi m'dzikomo. Za fodyazo sizindidetsa nkhawa kwambiri, mukhoza kungodumpha. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china.

Mukamaonera nokha usiku uja, yang'anitsitsani mayi wina wonenepa, wakhungu lakuda, amene amaoneka m'makatuni angapo a Tom and Jerry a pakati pa 1940 ndi 1952. Nkhope yake siioneka pafupifupi nthawi zonse. Timangoona miyendo, masilipasi, epuloni ndi tsache, ndipo amalankhula Chingerezi chimene anachikonza dala kuti azungu aseke. Amatchedwa Mammy Two Shoes. Ameneyu ndi chithunzi cha mmene America ya nthawi ya tsankho inkaonera mkazi wakuda: wantchito wa m'nyumba, waphokoso, wopanda nkhope. Muonanso kuti bomba likaphulika, nthawi zina Tom kapena Jerry amatsala wakuda bii, milomo itakula, tsitsi litamangidwa timfundotimfundo. Ife tili ana tinkangoti wapsa ndi utsi. Ayi, kumeneko kunali kunyoza nkhope ya munthu wakuda, nthabwala imene azungu a nthawi imeneyo ankaidziwa bwino kuchokera m'zisudzo zawo zodzipaka makala kumaso. Makatuni ena a Warner Bros. anafika poipa kwambiri, ena akuonetsa anthu akuda a m'nkhalango ngati odya anzawo, moti mu 1968 okwana 11 anachotsedwa kuti asamaulutsidwenso. Mu 2014 Amazon ndi iTunes, ogulitsa mafilimu pa intaneti, anaika chenjezo pa Tom and Jerry lonena kuti mmenemo muli tsankho la nthawi imeneyo, ndipo patapita zaka kampani ya Disney nayo inaika machenjezo otere pa mafilimu ake akale monga Dumbo ndi Peter Pan.

Nkhani imeneyi ndimaiona mozama chifukwa ana athu ndi akuda. Mwana wachizungu akaonera zimenezi amaphunzira kuseka munthu wina. Wathu amaphunzira kudziseka yekha. Tsiku lina mtsikana wa zaka 7, mwana wa mchemwali wanga, akuonera nane anandifunsa kuti, "Anti, bwanji amayi awa sawaonetsa kumaso?" Ndinaimitsa kanema n'kumuuza kuti amene anajambula ankakhala m'dziko limene panthawiyo anthu akuda sankawalemekeza, ndipo analakwitsa. Anakhala chete pang'ono kenako anati, "Ndiye kuti anali okongola, eti?" Ndinamuuza kuti inde. Mtsikana wanu wa zaka 8 wafika pomva zimenezi, ndipo n'kwabwino azimve kwa inu. Wa zaka 4 sangamve kufotokoza kotere, amangomeza chithunzicho. Kwa iye zigawo zimenezi zichotseni. Dziwaninso kuti zimene anyamata a pamsika amaika pa fulashi sakhala atazisankha: akhoza kukuikirani zodulidwa ndi zosadulidwa pamodzi, ndipo pena amasakanizamo makatuni a akuluakulu okhaokha monga South Park ndi Family Guy, poti onse ndi "makatuni".

Scooby-Doo ndi nkhani ina, ndipo pamenepa ndili mbali yanu. Iyeyu anapangidwiradi ana. Anayamba mu 1969, panthawi imene magulu a makolo ku America ankadandaula kuti makatuni a Loweruka m'mawa achuluka ndewu, ndiye kampani ya Hanna ndi Barbera omwe aja inabweretsa achinyamata anayi ndi galu wamantha amene samenya munthu koma amafufuza. M'makatuni oyambirirawo mzukwa uliwonse pamapeto pake umavulidwa chigoba, n'kupezeka kuti ndi munthu wamba amene amaopseza anzake kuti alande malo kapena abise katundu wakuba. Kwa mwana wa kuno phunziro limeneli ndi lamtengo wapatali. Tonse tikukumbukira 2017, mphekesera za anamapopa zitafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa chifukwa cha mantha. Mwana amene wazolowera kufunsa kuti "kodi kuseri kwa choopsachi kuli ndani, ndipo akufuna chiyani?" wapeza chinthu chimene chidzam'thandize akadzakula. Mtsikana wanu aonere, ndipo muzipikisana naye kulosera kuti wavala chigoba ndani.

Koma kwa mng'ono wakeyo samalani. Joanne Cantor wa pa yunivesite ya Wisconsin, amene anafufuza kwa zaka zambiri zimene zimaopsa ana pa kanema, anapeza kuti ana ang'ono amaopa maonekedwe a chinthu, pomwe okulirapo amaopa zimene zingachitikedi. Mzukwa umathamangitsa anthu pafupifupi katuni yonse, kuvula chigoba kumatenga mphindi imodzi. Wa zaka 8 amagona akukumbukira mphindi imodziyo. Wa zaka 4 amagona akukumbukira maso owala aja, ndipo usiku akukanirani kupita yekha kuchimbudzi.

Tsopano ndifike pa mawu anu akuti ife tinaonera koma sitinapenge. Takumbukirani mmene munkaonera. Dziko lathu linalibe wailesi yakeyake ya kanema mpaka pa 1 Epulo 1999 pamene TVM inayamba kuulutsa, ndipo ngakhale zitatero TV inkapezeka nyumba imodzi pa mzere wonse. Munkavula nsapato pakhomo, n'kukhala pansi mothithikana ana khumi kapena kuposa, kaseti yomweyomweyo ili mu deki, zithunzi zikuchita mizeremizere chifukwa chobwerezedwa. Wamkulu pagulupo ankafotokozera ang'ono. Wina akachita mantha anzake ankamuseka kapena kum'gwira dzanja. Magetsi akathima, basi zathera pomwepo. Akapanda kuthima, mayi a pakhomopo ankazimitsa okha n'kunena kuti kwada, kazipitani kwanu. Mukatuluka munkapita ku phada, ku chipako, ku mpira wachikulunga, kukapinda galimoto zamawaya, ndipo theka la ola la katuni linkasungunuka m'maola ambiri a masewera. Ine ndikukhulupirira kuti chimene mtima wanu ukulakalaka ndi chimenechi, osati Tom yekha. Ndipo chimene chinakutetezani ndi chomwechi: munkaonera pang'ono, muli pagulu, ndipo kanemayo ankatha.

Mwana wa lero amaonera yekha, foni ili pamphuno, ndipo kanema satha. YouTube ikamaliza imodzi imayambitsa ina yokha. Makatuni akale omwewo amapezeka atalumikizidwa ola lathunthu kapena kuposa, pena atadulidwa n'kutsala zomenyana zokhazokha, pomwe katuni imodzi ya Tom and Jerry inapangidwa kuti ithe m'mphindi pafupifupi 7. Mu 2017 kunadziwika kuti pa YouTube pali makanema ambirimbiri ogwiritsa ntchito zithunzi za makatuni odziwika a ana koma akuchita zolaula ndi zankhanza, ndipo kampaniyo inachotsa ochuluka. Pachifukwa chimenechi fulashi yanu, mukaisankha bwino, ndi yotetezeka kuposa foni ya bandulo m'manja mwa mwana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kucheperapo ndiye bwino koposa. Ola limenelo likuphatikiza TV, foni ya mayi, foni ya bambo ndi ya mlendo yomwe.

Mwati a masiku ano ndi phokoso lokhalokha. Ena ndi oterodi, koma apa tisakondere akale. Mu 2011 Angeline Lillard ndi Jennifer Peterson a pa yunivesite ya Virginia anatenga ana 60 a zaka 4 n'kuwagawa patatu. Ena anaonera SpongeBob SquarePants kwa mphindi 9, ena katuni yodekha, ena anangopatsidwa zojambulira. Atangomaliza anawayesa pa kudikira, kutsatira malangizo ndi kukumbukira, ndipo a gulu loyamba aja ndi amene anachita moperewera. Anawo anali ochepa, komanso anayesedwa nthawi yomweyo basi, ndiye sizikutanthauza kuti ubongo unawonongeka. Kafukufuku wotsatira wa Lillard analozanso kuti chimene chimatopetsa mutu wa mwana si liwiro lokha, koma kuchuluka kwa zinthu zosatheka zimene akuyesetsa kuzimvetsa. Ngati ndi choncho, Tom and Jerry ali m'gulu lomwelo ndi SpongeBob. Ndiye musam'yatsire mwana katuni yotere m'mawa akupita kusukulu kapena atatsala pang'ono kugona. Chinanso, ife tinkakonda Tom and Jerry chifukwa simufunika Chingerezi, salankhulana. Ubwino umenewo kwa mwana wa zaka 4 ndi kuperewera, pakuti iye ali pa msinkhu wotola mawu, ndipo mmenemo mulibe mawu oti atole.

Sindikufuna kuti muone ngati mulibe chokoma. Makatuni aja anajambulidwa ndi manja, chithunzi chimodzichimodzi, ndipo nyimbo zake, zambiri zopekedwa ndi Scott Bradley, zimatsatira phazi lililonse la Jerry. Tsiku lina muuzeni mtsikana wanu atsinzine, angomvetsera, akuuzeni ndi makutu okha pamene Tom akunyang'ama ndi pamene wagwa. Mudzadabwa mmene adzalondolere. Limenelo ndi luso loona, ndipo mwana ali ndi ufulu wolidziwa.

Nkhanza m'nkhani za ana sizinabwere ndi TV. Nthano zathu za Kalulu si zofewa ayi. Muli ija ya nthawi ya njala, Kalulu ndi Fisi atapangana kupha amayi awo, Fisi n'kuphadi ake pomwe Kalulu wabisa ake. Ndi nkhani yoopsa kuposa chilichonse chimene Jerry anam'chita Tom, koma agogo athu ankatiuza tili ang'onoang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti wokamba nthano analipo pomwepo. Akati "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse," ndipo tinalidi tonse. Agogo ankayang'ana nkhope zathu pa kuwala kwa moto. Akaona wamng'ono wayamba kunjenjemera ankafewetsa mawu, kapena kuyambitsa nyimbo, kapena kum'nyamula pamiyendo. Wina akasekerera choipa ankam'funsa kuti, nanga akanakhala amayi ako? Kanema sangachite zimenezi, saona nkhope ya mwana. Malo a agogo aja atsala opanda munthu, ndipo pakhomo panu oti akhalepo ndinu ndi bambo awo. Auzeni bambowo kuti nkhawa yawo ndi yomveka, koma m'malo mofufuta abwere adzakhale nawo pamkeka. Ntchito yake si yaikulu: kuimitsa kamodzi kapena kawiri n'kufunsa kuti, "Ukuganiza kuti zamuwawa? Zikanakhala zenizeni chikanachitika n'chiyani?"

Pa fulashi yomweyo onjezerani za kwathu kuno ku Africa, kuti ana aone nkhope zonga zawo zikulemekezedwa. Tinga Tinga Tales, amene anajambulidwa ku Nairobi n'kuyamba kuonetsedwa mu 2010, ndi nthano za nyama zonga zathu zomwe, zojambulidwa motengera luso la Tingatinga la ku Tanzania, ndipo mnyamata wanu akhoza kuonera popanda nkhawa. Akili and Me, wa bungwe la Ubongo la ku Dar es Salaam, anapangidwira ana a msinkhu wake ndipo amaphunzitsa manambala ndi zilembo. Kwa mtsikanayo kuli Supa Team 4, amene anatuluka pa Netflix mu 2023, wolembedwa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, nkhani ya atsikana anayi a mu Lusaka wa m'tsogolo amene amapulumutsa mzinda wawo.

Ndiye sabata ino onerani nokha zonse zili pa fulashiyo, mugawe pawiri: za onse, ndi za mtsikana yekha mng'ono wake akagona masana. Sankhani tsiku, kaya Loweruka madzulo, muyale mkeka, muitane ndi ana a aneba ngati makolo awo alola, muonere makatuni awiri kapena atatu, kenako muzimitse nokha n'kuwatulutsa panja akasewere. Mnyamatayo m'patseni ntchito yoika chakudya cha mphaka m'mbale tsiku lililonse. Mukadzaona kuti mphaka uja wayambanso kubwera kudzagona pafupi naye osathawa, ndipo iye wasiya kunena kuti samafa, muyeseni ndi katuni imodzi ya Tom and Jerry imene mwaisankha, ali pamiyendo panu.